ZA M'NYUMBA MWATHU: Mabisiketi a Khirisimasi Osafuna Uvuni

Mvula yagwa, mango apsa, ndipo ana ayamba kuwerenga pa zala masiku otsala kuti Khirisimasi ifike. Masiku ano mwana akatsagana ndi amake ku msika wa Ndirande kapena wa Bangwe, maso ake sakhala pa matemba kapena pa chinangwa iyayi. Ali pa mapaketi a mabisiketi amene eni magolosale awasanja pamwamba, pomwe dzanja la mwana silifika. Mayi aona, nakhala ngati sanaone, pakuti m'mutu mwake muli mpunga, muli nkhuku, muli feteleza wa kumunda, muli ndalama za sukulu za mu Januwale. Tsono mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kamene kangachepetse chisoni chimenecho, ndiko mabisiketi opanga ndi manja anu, a mtedza ndi soya, osalowa mu uvuni.

Dzina loti bisiketi linadza ndi Azungu, ndipo pa chilankhulo cha Afalansa, kumene linachokera, litanthauza chinthu chophikidwa kawiri. Kale ankaphika mkate, nauumitsanso pa moto kachiwiri, kuti amalinyero ndi asilikali ayende nawo miyezi yambiri osaola. Pambuyo pake anathiramo shuga ndi mafuta, nichikhala chakudya cha pa tiyi. Bisiketi ya Marie, imene mwana aliyense aidziwa, inayamba ku London mu 1874, pokondwerera ukwati wa mwana wamkazi wa mfumu ya ku Russia ndi mwana wa Mfumukazi Victoria. Koma nyumba zingati m'Zingwangwa kapena m'Machinjiri zili ndi uvuni wophikira zotere? Amene ali ndi wa magetsi adziwa okha kuti magetsi athawa pa nthawi yomwe mtanda uli pakati pa kupsa. Ambiri a ife tiphika chigumu ndi chikondamoyo mumphika pa mbaula, makala pansi, makala ena pa chivundikiro, ndipo makalawo mtengo wake muudziwa. Akuluakulu akumbuka kuti phiri la Ndirande linali bii ndi mitengo. Tukulani maso muone m'mene lilili lero.

Sitinena kuti moto sufunika konse. Ufunika kamodzi kokha, pokazinga, ndipo makala otsala mutaphula nsima ya usiku akwanira ntchito yonse.

Pali chifukwa china choposa cha makala. Bisiketi ya m'golosale ndiyo ufa woyera wa tirigu, shuga ndi mafuta. Ikoma, ndipo sitiinyoza. Koma mwana akadya paketi yonse, namwera chakumwa chotsekemera, mimba idzaza, ndiwo azikana, ndipo thupi lake silipindula zambiri. Chimene thupi la mwana lisowa kuti likule ndicho zakudya zomanga thupi, zimene a zaumoyo azitcha mapuloteni. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 anali opinimbira, ndiye kuti msinkhu wao unali wochepera zaka zao. Kumbukiraninso ichi: ana ambiri a m'masukulu a pulayimale muno mu Blantyre alandira phala la chimanga ndi soya m'mawa, monga lija apereka a Mary's Meals, amene anayamba ntchito yao m'Malawi mu 2002. Sukulu zikatsekera tchuthi, phalalo litsekeranso. Chotero masabata omwe tiwayesa a madyerero, kwa ana ena ndiwo masabata amene chakudya chomanga thupi chichepa, ndipo agwera pa khomo la miyezi ya njala.

Tsono taonani zimene Mulungu anaika m'mbewu zathu zomwe. M'magalamu 100 a mtedza muli mapuloteni okwana magalamu 25 kapena kuposerapo pang'ono. Mu soya muli pafupifupi 36. Mu mkaka wa ufa muli pafupifupi 26. Mu chitowe muli pafupifupi 18. Koma mu ufa wa chimanga safika ndi 10 omwe. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Nzeru yosakaniza chimanga ndi mbewu zotere si yachilendo kwa ife: phala lotchuka la Likuni linatenga dzina lake ku chipatala cha mishoni ya Likuni, kufupi ndi Lilongwe, kumene linayambira pofuna kupulumutsa ana onyentchera.

Ndipo pali phunziro lina limene madokotala anatipatsa. Mu 1996 dokotala wa ku France, André Briend, anapeza njira yosakaniza chiponde, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, nichikhala chakudya chochiza ana onyentchera kwambiri. Dokotala wa ku America, Mark Manary, anachiyesa muno m'Malawi, nakhazikitsa bungwe la Project Peanut Butter mu 2004, lopanga chakudyacho kuno ku Blantyre. Ndicho chiponde cha kuchipatala chija mumachidziwa. Chinsinsi chake nchiyani? Mulibe madzi. Tizilombo toyambitsa matenda sitiswana pouma, chifukwa chake chakudyacho sichifuna kuphika ndipo sichiwonongeka msanga. Mabisiketi athu aimira pa chinsinsi chomwecho. Koma pano tiyenera kunena mosabisa: chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala a mwana wodwala. Mukachipeza pa benchi la wogulitsa, dziwani kuti chachoka m'kamwa mwa mwana amene moyo wake uli pa chiswe. Musachigule, ngakhale chitsike mtengo chotani, ndipo mayi amene anachilandira chifukwa cha mwana mmodzi asachigawire alendo a pa Khirisimasi.

Tiyambe ntchito, ndipo tiyambire pamene pagona nkhani yonse, ndipo pa kusankha mtedza.

Mtedza umene uli pa msika mu Disembala unakumbidwa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo kapena kuposa. Wakhala m'matumba, wapita m'manja ambiri, ndipo tsopano mpweya ndi wa chinyezi. Ena posenda amayamba awaza madzi pa makoko kuti afewe, nausunga mtedzawo usanaume. M'menemo mumera chuku, ndipo chuku china cha mu mtedza ndi chimanga chitulutsa poizoni wosaoneka ndi maso, amene adya chiwindi pang'onopang'ono, nayambitsa khansa pakupita kwa zaka. Akatswiri apezanso kuti ayenderana ndi kupinimbira kwa ana. Dziko linamdziwa poizoni ameneyu mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wa ku Brazil. Chimene tifuna kuti muchigwiritse ndi ichi: kukazinga sikumutha. Moto wa pa mbaula upha chuku, koma poizoni atsala momwemo. Chida chanu ndicho maso ndi zala.

Chifukwa chake musagule nsinjiro zosinjasinja kale kapena chiponde cha m'mabotolo opanda dzina, pakuti mtedza wotsalira posankha ndiwo kawirikawiri uthawira kumeneko, kumene maso sauonanso. Gulani mtedza wathunthu. Wa m'makoko uposa wosenda, ngati muupeza. Chalimbana, wa njere zazikulu, akoma pokazinga. CG7, wofiira uja, ali ndi mafuta ambiri, nasanduka chiponde msanga mumtondo. Thirani pa lichero masana, poyera, osati madzulo pa nyali. Itanani ana akuthandizeni, pakuti maso ao apenya koposa athu. Chotsani njere iliyonse yokwinyika, yosweka, yakuda, yobooledwa ndi anankafumbwe, kapena yokhala ndi ufa wobiriwira. Musachite nayo chisoni. Tidziwa kuti mtima uwawa kutaya chimene wagula, koma makolo anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo mumtondo njere imodzi yoipa ifalikira m'chiponde chonse. Zosankhidwazo musapatse nkhuku kapena mbuzi; kwirirani pansi.

Kazingani mtedza wabwinowo m'chiwaya kapena pa phale, pa moto wofatsa, mukutakasa kosalekeza, kufikira khungu lake lisupuka mukafikisa ndi zala, ndipo m'kati mwasanduka mofiirira. Ukazizira, fikisani m'manja, petani, nimuonenso kachiwiri, pakuti njere zina zoipa zibisala pansi pa khungu. Pamenepo sinjani mumtondo wouma. Poyamba udzakhala nsinjiro, kenaka udzaumbika, ndipo mukapirira udzatulutsa mafuta ake nukhala chiponde chosalala. Thirani kamchere pang'ono. Abambo amene adzakhala pa tchuthi masiku amenewo, munsi suluma munthu.

Soya afuna chisamaliro chake. Wosapsa musamdye konse, pakuti ali ndi zinthu zoletsa mimba kugaya mapuloteni, natupitsa mimba. Moto ndiwo uzithetsa. Msankheni, mumkazinge wouma kwa mphindi 20 kapena kuposa, kufikira afiira ndi kuthetheka makoko. Lumani njere imodzi: ikamveka fungo la nyemba yaiwisi, bwezerani pa moto. Akapsa mkonoleni pang'ono, petani makoko, nimupite naye kuchigayo kapena mumsinje ndi kusefa. Chimodzimodzi ufa wina uliwonse umene muti muthiremo, kaya mgaiwa, kaya ufa wa phala la Likuni: uyambe wadutsa m'chiwaya kufikira ununkhira ngati chimanga chootcha. Ufa wauwisi suloledwa m'chakudya chimene sichidzaonanso moto.

Ndipo pakuti sichidzaonanso moto, manja anu ndiwo mphika wotsiriza. Sitinaiwale kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nichititsa kuti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Nyengo ya mvula ndiyo nyengo ya matenda a m'mimba. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyera, wengani zikhadabo, nimupukute manja aume gwa ndi kansalu kochapa. Mbale, supuni ndi thebulo zikhale zotsuka ndi zouma. Mwana wofuna kuthandiza kuumba ayambe wasamba inu mukuona.

Tsono mtanda wake ndi uwu. Tengani kapu imodzi ya chiponde, theka la kapu la ufa wa soya wokazinga, theka la kapu la mkaka wa ufa, ndi masupuni aakulu atatu kapena anayi a uchi. Sakanizani ndi supuni, kenaka kandani ndi dzanja kufikira mtanda uleka kumata m'mbale. Ukafewa kwambiri, onjezani ufa; ukamayoyoka, thirani supuni imodzi ya mafuta ophikira. Madzi musathire, ngakhale dontho. Amene alibe uchi asinje shuga mumtondo akhale wosalala ngati ufa, kuti asalumike m'mano ngati mchenga, naonjeze mafuta pang'ono. Pogula mkaka werengani paketi bwino, pakuti ulipo ufa wina woyera wothira mu tiyi umene uoneka ngati mkaka, koma ndi mafuta ndi zotsekemera chabe, ndipo sumanga thupi. Mkaka ukadula, ulekeni, muonjeze soya m'malo mwake. Kukoma kudzachepa pang'ono, mphamvu idzakhala yomweyo. Mtanda umenewu upatsa timibulu 24 tofanana ndi dzira la nkhunda lalikulupo, ndipo tikawerengera zonse zalowamo, titatu tili ndi mapuloteni ofanana ndi mazira awiri a nkhuku.

Kuchokera pa mtanda umodziwu mungathe kutsanza mabisiketi angapo otchuka.

Woyamba ndi wosavuta, bisiketi ya chiponde ya ku America. Mtedza kwao ndi ku South America, unafika kuno ndi zombo za Apwitikizi, ndipo anthu a ku United States anaukonda kotero kuti mu 1916 mphunzitsi wa zaulimi George Washington Carver anafalitsa njira 105 zoukonzera. Bisiketi yao ya chiponde idziwika ndi mizere yopingasana pamwamba. Umbani kambulu, kaikeni pa mbale, nimukapsinje ndi foloko kawiri, uku ndi uku. Mizere imeneyo musaiyese yachabe. Tinaona mwana akukana kambulu kozungulira, nati ndi chiponde wamba. Komweko katadindidwa ndi foloko anakalandira ndi manja awiri, nakatcha bisiketi.

Wachiwiri, umene ife tiukonda koposa, utsanza bisiketi ya jinja, yofiirira ndi yoyabwa pa lilime. Pa mtanda uja thirani kasupuni ka tiyi kodzaza ka jinja wa ufa, ndi theka la kasupuni la sinamoni ngati alipo. Jinja akhale wouma wosinja. Wauwisi ali ndi madzi. Shuga wofiirira ayenera pano koposa woyera. Ndipo kuti ilumike ngati ya m'golosale, chotsani theka la mkaka, muikepo mgaiwa wokazinga wosasefa kwambiri. Ipsinjeni ikhale yopyapyala ndi kunsi kwa tambula. Iyi ndiyo ya akuluakulu, ya pa tiyi wa m'mawa pobwera ku Misa, ndipo agogo amene mano anawathera adzakuthokozani, pakuti isungunuka yokha m'kamwa.

Wachitatu utsanza bisiketi ya otsi ndi mphesa zouma. Zonse ziwirizi ndi za m'masitolo aakulu a ku Limbe ndi m'tauni, ndipo amene angathe agule, akazinge otsiyo pang'ono asanathire. Koma sitiona chifukwa chothamangira kumeneko. Chitowe chokazinga ndi nthanga za maungu zosenda ndi kukazinga zilowa bwino m'malo mwa otsi, ndipo ziiposa pa mapuloteni. M'malo mwa mphesa thirani supuni imodzi kapena ziwiri za ufa wa malambe wosefa. Kuwawasa kwake kuchepetsa kulemera kwa chiponde, kotero kuti munthu sakoledwa msanga. Mango kapena nthochi zatsopano musaikemo, zidyeni pambali.

Wofuna ya chokoleti athire masupuni awiri a koko pa mtanda, naonjeze uchi pang'ono pakuti koko awawa, nagubuduze timibuluto mu kokonati wouma. Wokala kokonati yekha ayambe wamuumitsa m'chiwaya.

Nanga mwana amene mtima wake uli pa paketi ija ya m'golosale? Musalimbane naye. Gulani paketi imodzi ya Marie, muiphwanye m'zidutswa zazing'ono, osati ufa, nimuisakanize ndi mtanda wa makapu awiri a chiponde. Yalani m'mbale yafulati, psinjani zolimba ndi kumbuyo kwa supuni, dikirani ola limodzi, nimudule ndi mpeni m'timagawo ta ngodya zinayi. Paketi imene ikadatha m'manja mwa ana awiri asanafike pakhomo, idzakwanira ana a nyumba zitatu, ndipo aliyense adzaona chidutswa cha bisiketi yeniyeni m'gawo lake.

Za kasungidwe tikambe ndi manyazi pang'ono, pakuti ife tomwe tinalakwapo. Chaka china mtanda unatiumira, ndipo poona kuti mafuta atha, tinathira mkaka wamadzi masupuni awiri, tinati nanga pali chiyani. Tinaumba bwino, tinatsekera m'chitini, tinaika pamwamba pa kabati masiku anayi chisanafike chikondwerero. Potsegula pa tsikulo tinapeza ubweya woyera pamwamba ndi fungo lowawasa. Makapu atatu a mtedza, uchi wa botolo lathunthu ndi ntchito ya tsiku lonse zinapita kudzala, ana akuyang'ana. Chotero umbani pa 23 kapena pa 24 Disembala, osati sabata yathunthu isanafike. Ikani m'chitini chouma chotseka bwino, pepala loyera pakati pa mizere, pa malo ozizira koposa m'nyumba, kutali ndi mbaula ndi zenera la dzuwa, pakuti chiponde chifewa ndi kutentha. Popanda firiji zidyedwe m'masiku atatu kapena anayi. Za Chaka Chatsopano mudzaumbe zina, popeza chiponde ndi ufa wokazinga, zikakhala padera m'mabotolo otseka, zidikira bwino sabata imeneyo. Nyerere zidzabwera ndithu. Khazikani chitini pa mwala kapena pa kapu yovundikira pakati pa mbale ya madzi, madziwo osakhudza chitini.

Si mwana aliyense ayenera kulandira. Khanda losakwana chaka musalipatse kanthu kali konse kokhala ndi uchi, pakuti mu uchi mukhoza kukhala tizilombo timene mimba ya khanda siingathe kulimbana nato, ndipo matenda ake afooketsa thupi lonse. Losakwana miyezi isanu ndi umodzi, bere lokha. Ana aang'ono a zaka ziwiri kapena zitatu atsamwa msanga ndi njere zathunthu ndi chiponde chomata. Kwa iwo sinjani zonse zisalale, mubenthule tizidutswa ting'onoting'ono, adye atakhala pansi, madzi akumwa ali pafupi. Alipo ana ena, owerengeka, amene thupi lao lidana ndi mtedza, soya kapena mkaka: milomo itupa, khungu lituluka ziwengo, kupuma kuvuta. Mukaona zotere thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musayambe mwafuna mankhwala a pakhomo. Chifukwa chake mwana wa mnansi musanampatse, funsani amake. Odwala matenda a shuga awaumbire zao padera, zopanda uchi ndi shuga, za jinja ndi chitowe chokha.

Pa tsiku la Khirisimasi ana a m'Chilomoni, monga a kwina konse, ayenda khomo ndi khomo atavala zatsopano, ndipo ena afika amene kwao sikunafuke utsi. Musaike chitini chonse pa mkeka kuti aliyense apisemo dzanja. Kulungiranitu tiwiri kapena titatu m'kapepala koyera, kosalembedwa, pakuti inki ya nyuzipepala isungunuka ndi mafuta a mtedza nilowa m'chakudya. Potokozani kapepalako mbali zonse ziwiri monga achitira maswiti. Werengani ana anu, ana a alendo, ndi a nyumba zoyandikana, nimuonjezepo timapukusi khumi. Mwezi wa mawa, sukulu zikatsegulidwa, tidzakamba za kamba wonyamula mwana popita m'kalasi.